Galimoto Imene Sinafike ku Kaphuka

Kempton Park, Joni
4 Febuluwale 2024

Okondedwa Achemwali Agnesi,

Landirani moni wanga. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija limene likumandikumbutsa zaka zanga. Kaya inu kumudziko? Poti makutu anu sagwirizana ndi foni, ndapatsira kalatayi a Zefaniya, amene anyamuke Lachiwiri ndi katundu wa anthu. Akuti akusiyirani pa Linthipe kwa mayi wa anyezi uja monga mwa kale.

Nkhani ndi iyi: ntchito ndikusiya kumapeto kwa Juni. Zakwana zaka 27 ndikukonza galimoto zogonamo zimene kampani yathu imabwereketsa kwa alendo okaona nyama. Sabata yatha abwana anandiitana n'kundiuza kuti, "Kalisto, pali galimoto ziwiri zimene tikuzipumitsa chifukwa zakalamba. Sankha imodzi, upite nayo kwanu."

Yoyamba ndi yaing'ono, msinkhu wake ngati minibasi za pa Boma. Mipando yakumbuyo imatambasuka n'kukhala bedi la anthu awiri, ndipo muli kachitofu ka gasi ndi kamgolo ka madzi. Injini yake ndi yabwino, simwa mafuta ambiri. Yachiwiri timaitchula Nambala 14. Imeneyo ndi nyumba yeniyeni yokhala pa matayala: mogona anthu asanu ndi mmodzi, tebulo, makabati, bafa ndi chimbudzi chomwe. Koma ndi yotopa, ikakumana ndi chitunda imatentha.

Anzanga pagalaja pano akuti munthu wanzeru atenge yaing'ono. Ine ndine makaniko, ndikudziwa kuti akunena zoona. Komabe sindinayankhe, ndapempha nthawi.

Mundiuzeko za msewu wathu kuchokera pa Linthipe. Kamlatho ka matabwa kaja kadakalipo? Nanga chitunda cha pa chigayo anachikonza? Kachewere wachita bwanji chaka chino? Ngati mwana wanga Tikondwe amakulemberani kuchokera ku Mzimba, mundiuze ngati ali bwino. Ine ndikamuimbira sayankha.

Ndine mlongo wanu,
Kalisto

*

Kaphuka
2 Malichi 2024

Achimwene,

Kalata yanu ndinailandira itanyowa pakona, koma inawerengeka. Tili bwino. Kachewere wa mvula uno wagwidwa ndi chiwawu, tikudalira wa kudimba.

Kamlatho anaika konkire zaka zinayi zapitazo. Mukadabwera mukadakaona. Chitunda cha pa chigayo chidakali momwe munachisiyira, malole okatenga kachewere amakwera mobuula, ndipo mvula ikagwa amagona pomwepo.

Nkhani ya galimoto ndinalakwitsa kuiwerenga mokweza, chifukwa pano yafika paliponse. Amalume a Timoteyo akuti mutenge yaikuluyo, tichotsemo mabedi tizinyamulira matumba. Ena akuti izikhala yonyamula maliro, poti muli malo ogoneka bokosi. Mwaona mmene anthu akugawirana nyama ya ng'ombe imene sanaione.

Koma ine ndili ndi funso langa, ndipo mundiyankhe ngati mlongo wanga. Inu ndinu munthu mmodzi. Mwanena nokha kuti yaing'ono ndiyo yabwino. Nanga chikukuvutani n'chiyani? Mabedi asanu ndi limodziwo agonapo ndani? Kuno anthu akhala akunena kwa zaka zambiri kuti muli ndi banja lina ku Joniko. Alamu anga a Monika ankawatsutsa mpaka tsiku lomaliza, ine ndinkangokhala chete. Ngati mukubwera ndi mayi wina ndi ana, nenani msanga ndikonzekeretse Tikondwe. Asadzamvere pamsewu.

Nyumba yanu ili chitsekere kuyambira tsiku limene tinasesa maliro. Kiyi anapita naye Tikondwe. Ine ndimangolambula pabwalo ndi kuyang'ana malata. Sindinabwere kudzakuweruzani, koma chaka chimene alamu anamwalira malire anali otseka chifukwa cha mliri, tonse tinamvetsa. Malire anatseguka, Achimwene. Zapita zaka zitatu, manda a mkazi wanu simukuwadziwa.

Tikondwe ali bwino, ntchito ya unamwino ikuyenda. Za inu satchula.

Ine,
Agnesi

*

Kempton Park
7 Epulo 2024

Achemwali,

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Mkazi wina ndilibe, mwana wina ndilibe. Chimene ndili nacho n'chochititsa manyazi kuposa chimenecho, ndiye ndiloleni ndikuuzeni.

Mukukumbukira kuti mu 2011 amake Tikondwe anabwera kudzandiona kuno. Kumudzi mumaganiza kuti ndinali ndi nyumba. Ndinalibe. Tinkagona amuna anayi m'chipinda chimodzi ku Tembisa. Nditasowa kowaika, ndinagwada kwa abwana, iwo n'kutilola kugona mu Nambala 14 kuseri kwa galaja. Nthawi imeneyo inali yatsopano, ikununkha pepala.

Tinakhalamo masabata awiri. Monika ankatsegula makabati n'kutseka, kutsegulanso, akuseka yekha. Anachapa makatani oyera kale. Galimotoyo sindinkaloledwa kutuluka nayo pageti. Tsiku lina Lamulungu titachoka ku Misa, anakakhala pampando wakutsogolo, n'kundiuza kuti ndikhale pa chiwongolero. Patsogolo pathu panali khoma la njerwa basi.

Anati, "Tiyeni, yendetsani."

Ndinati, "Tikupita kuti?"

Anati, "Kwathu. Mukafika pa Linthipe mukhote."

Ndiye anayamba kundiuza msewu wonse, injini ili chozima. Apa ndi pamlatho, chepetsani. Apa pali mbuzi za a Kizito. Apa ndi pa chigayo, taonani azimayi aja asiya zitini zawo akutiyang'ana. Anawakwezera dzanja azimayiwo, akuyang'ana khoma. Titafika pakhomo pathu anati ndiime, ndipo ine ndinakoka buleki ya m'manja ngati tafikadi. Tsiku limenelo ndinamulonjeza kuti ndidzabwera nayo galimoto imeneyi kudzamutenga.

Tsopano mverani ichi, ndipo musauze amalume. Mwezi watha ndinailiza kuti ndipite nayo padzenje lokonzera. Itangosuntha, belu la lamba wa mpando wakumanzere linayamba kulira. Belu limeneli limalira pokhapokha pampandopo pakhala munthu amene sanamange lamba. Panalibe munthu. Ndinasintha kachipangizo ka pansi pa mpando, ndinatsata mawaya onse mpaka ku batire, sindinapeze vuto. Anzanga akaiyendetsa akuti silira. Ndikakwera ine, limalira. Mapeto ake ndinatambasula dzanja n'kumanga lamba pampando wopanda munthuwo, ndipo linatonthola. Ndinakhala m'menemo mpaka belu la nkhomaliro.

Za kusabwera kwanga, poyamba anali mapepala, ndikadatuluka sakadandilola kulowanso. Koma mapepala anakonzeka mu 2022. Kuchokera pamenepo chifukwa ndilibe. Ndimaopa chitseko chija, Achemwali. Ndikakhala kuno, mtima umandinamiza kuti akadali kuseri kwake.

Yaing'ono ingandifikitse bwinobwino. Yaikulu ndi imene ndinalonjeza. Mundithandize nzeru.

Kalisto

*

Kaphuka
28 Epulo 2024

Achimwene,

Pepani pa zimene ndinakuganizirani. Sindibweza zonse, koma za mkazi wina zija ndabweza.

Za belulo sindinauze munthu. Ine ndinaphunzitsa sayansi ku pulayimale zaka makumi atatu, koma nditawerenga ndinatuluka panja kukakhala padzuwa. Kaonaneni ndi ansembe kumeneko, mupereke Misa m'dzina la alamu. Nzeru ya galimoto ine ndilibe. Tsiku lina ndimati bwerani nayo mtima wanu ugone, tsiku lina ndimati chinthu chotere chisalowe m'mudzi.

Ndachita chinthu osakupemphani. Kalata yanu ndaitumiza kwa Tikondwe. Nkhani ya mayi ake ndi yakenso. Mukakwiya, mudzakwiyire pamaso panga.

Kuno kwayamba kuzizira, nkhungu ikumachoka m'phiri dzuwa litakwera kale. Mudzabwere ndi majuzi.

Agnesi

*

Mzimba
12 Meyi 2024

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Azakhali ananditumizira kalata yanu. Iyi ndikuitumiza kwa iwo kuti apatsire a Zefaniya.

Nambala 14 ndikuidziwa. Ndinali Fomu 2 pamene amayi anabwerako ku Joni, ndipo ndinaimva nkhani yake mpaka ndinaloweza. Ndikudziwa kuti kabati ya mbale ili kumanja, kuti makatani ndi obiriwira, kuti madzi amatuluka otentha. Anauza amayi onse a mphakati wathu kuti bambo a Tikondwe adzabwera ndi nyumba yoyenda. Poyamba anthu ankafunsa kuti liti. Kenako anayamba kufunsa akutsinana. Kenako anasiya kufunsa, koma amayi sanasiye kunena.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Lole iliyonse ikamabuula pa chitunda cha pa chigayo, amayi ankasiya chimene akuchita n'kukaima pa mpanda. Nyengo yokumba kachewere malole amadutsa asanu, asanu ndi awiri pa tsiku. Onsewo ankawatulukira. Akabwerera ankati amakaona nkhuku. Zaka khumi, Ababa. Ine mpaka lero ndikamva lole ikusintha giya pa chitunda, ngakhale ndili mu wodi ndi wodwala, khosi limatembenuka lokha.

Ndiye ndikukupemphani, musabwere nayo. Ikadzakwera chitunda chija, mudzi wonse udzatuluka, ana adzaithamangira, azimayi aja adzagwira pakamwa n'kunena kuti inalikodi. Onse adzaiona kupatula munthu mmodzi amene ankaidikira. Zimenezo ine sindingazipirire. Lonjezo lija linali la amayi, ndipo nthawi yake inatha. Simungalikwaniritse kwa anthu ena.

Za belulo sindikudziwa. Ndaona anthu ambiri akumwalira ndipo sindinaonepo wobwerera. Koma ngati ndi amayi, ndiye kuti anatopa n'kudikira ndipo anakutsatirani okha.

Sindinakukhululukireni, ndisakunamizeni. Komanso dziwani kuti nanenso sindinalipo. Ndinkasamala amayi a anthu ena kuno, anga akusowa mpweya kumudzi. Ndinafika atatseka kale bokosi. Mwina n'chifukwa chake foni yanu imandilemera kuyankha.

Bwerani ndi yaing'onoyo, ngati mukubweradi.

Mwana wanu,
Tikondwe

*

Kempton Park
26 Meyi 2024

Achemwali,

Yanu ya pa 28 Epulo ndinailandira. Sindinakwiye. Tikondwe sanandilembere, ndipo a Zefaniya sanafikebe ulendo uno, akuti lole yawo yagwidwa pa malire a Nyamapanda. Kukhala chete kwa mwanayo ndakumva, sindimudandaula.

Ndasankha. Ndauza abwana kuti nditenga Nambala 14. Misa ndinapereka monga munanenera, belu likulirabe, koma tsopano silindiopsa kwenikweni. Ndimamanga lamba n'kumagwira ntchito yanga. Ndaika ladiyeta ina yoziziritsa injini, matayala anayi abwino, ndipo makatani ndachapa ndekha. Mapepala otulutsira galimoto ayamba kuyenda.

Muwauze amalume kuti mabedi sachotsedwamo. Muwapemphenso anyamata a mpira adule nthambi za paini zimene zatsikira mumsewu wa kumanda, chifukwa galimotoyi ndi yaitali. Ndikufuna ikaime pafupi, Monika aione.

Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu ndikudya chakudya n'kumva kukoma.

Kalisto

*

Kempton Park
16 Juni 2024

Mwana wanga Tikondwe,

Kalata yako yafika Lachinayi, itatha mwezi wathunthu m'thumba la a Zefaniya. Yandipeza ndili pansi pa galimoto yomweyo. Ndinaiwerenga ndi manja a oilo, ndiye yada, koma ndaisunga.

Za pa mpanda zija sindinkadziwa. Mayi ako pafoni ankangoti zonse zili bwino, nkhuku zaswa, denga silikudontha. Sanandifunsepo kuti ndibwera liti. Ine ndinkati ndiye kuti waiwala, ndipo ndinkapepukidwa nazo. Taona mtundu wa bambo amene uli naye.

Lachisanu ndinapita kwa abwana kukawauza kuti ndasintha maganizo. Anandiyang'ana nthawi yaitali chifukwa mapepala ayambiranso, koma anavomera. Nambala 14 aigulitsa kwa munthu wina wa ku Benoni amene akufuna kuichotsa matayala, aziphikiramo tchipisi pambali pa msewu. Anabwera dzulo ndi dalaivala wake. Ndinawapatsa makiyi, ndinawauza kuti pa chitunda imatentha. Potuluka pageti ndinayenda pambali pake, cha kumanzere, khutu lili pa zenera. Belu silinalire. Sindikudziwa ngati ndinasangalala kapena ayi. Ndinaima pamsewu mpaka inakhota.

Yaing'onoyo ndaiyesa lero. Ili zii, palibe chimene chikulira. Ndi galimoto chabe.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Ndinyamuka pa 20 Julaye, kudzera ku Tete, ndilowere pa Dedza. Kiyi wa nyumba ukhale naye mpaka udzafune wekha. Ndili ndi pogona.

Bambo ako,
Kalisto

*

Kaphuka
4 Ogasiti 2024

Tikondwe mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndi ntchito. Bambo ako anafika Lachinayi la sabata yatha, cha m'ma 3 koloko masana.

Palibe amene anawazindikira akufika. Ine ndinali kudimba, ndinaona kagalimoto koyera kakukwera pa chigayo mosavuta, ndinati ndi ogulitsa mbewu aja. Pobwerera ndinakapeza kataima kuseri kwa nyumba yanu, pansi pa pichesi. Munthu ali m'kati, manja ali pa chiwongolero, injini yozima. Anandiuza pambuyo pake kuti anakhala choncho ola lathunthu. Ndinagogoda pa zenera. Wakalamba mlongo wanga, tsitsi lonse mbuu, ndipo juzi imene anavala ikadakwana anthu awiri.

Amalume a Timoteyo anakhumudwa ndi kuchepa kwa galimotoyo, anaizungulira kamodzi n'kunena kuti matumba khumi sangakwane. Koma m'mawa mwake ndi iwo amene anatsogolera bambo ako kumanda. Anapita wapansi. Ndinawalozera pamene pali mayi ako. Anagwada, anazula udzu ndi manja, koma sanalire. Azimayi amene anatiperekeza anayang'anana, ndipo ndikudziwa zimene akunena kumjigo.

M'nyumba sanalowe. Amalume anati athyole loko, bambo ako anakana, akuti kiyi ali ndi mwini wake. Kwanga akubwera kudzadya, koma kugona akugona m'galimoto, ndi chisanu chonsechi. M'mawa ndimawapeza akusesa pabwalo, kapena ataima pa zenera la kuchipinda, chipumi chili pa galasi, pamene katani yatseka ndipo palibe chimene angaone.

Dzulo masana tikusenda kachewere pakhonde langa, anandifunsa funso limene ndakhala ndikuliopa. Anati, "Achemwali, inu munalipo. Ananena chiyani pomaliza?"

Ndinadziwa chimene ankafuna. Ankafuna ndinene kuti anawatchula, kaya mowakhululukira, kaya mowatemberera, chilichonse bola dzina lawo likhalemo. Ndinaganiza zonama, Tikondwe. Mawu abodzawo anafika pakamwa. Koma iwenso sindinakuuzepo zoona zake, ndipo sindingauze wina bodza, wina choona.

Tsiku limenelo m'mawa mayi ako anali atapepukidwa pang'ono, ndiye anandituma kuti ndiyanike ufa umene unabwera kuchigayo dzulo lake. Ndinayanika pamphasa pabwalo. Masana mpweya unayambanso kuvuta, ndinawakhazika tsonga atatsamira pa chifuwa changa. Kenako mvula inayamba kugogoda pa malata. Anatsegula maso n'kunena kuti, "Alamu, ufa uli panja." Ndinati ndamva. Sananenenso china.

Ndinawauza bambo ako zimenezi monga ndakuuzira iwe. Anaika mpeni pansi. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye anayanula ndani?"

Ndinati, "Palibe. Ndikadawasiya ndi yani? Unanyowa wonse."

Pamenepo ndi pamene analira. Analira ngati mwana, mlongo wanga, akubwereza kuti panalibe woyanula, panalibe woyanula, mpaka oyandikana nafe anatuluka kudzaona ngati kwagwa maliro ena. Ndinawabweza ndi dzanja. Ndinamusiya alire mpaka dzuwa linapendeka.

Lero sanadye m'mawa, koma masana anadya pang'ono. Akutsokomola, ndipo mphepo ya mwezi uno ukuidziwa. Sindikukukakamiza. Ndangoti udziwe mmene zilili, poti nawenso unali usanamve.

Ndine azakhali ako,
Agnesi